Funsani Adokotala: Bungwe lathu ndi laling'ono, alangizi tiwafuniranji?

Makalata anayi a mwezi uno achokera kwa makolo a ana amene ali ndi matenda a kumtundu osapezekapezeka, ndipo onse akukamba za anthu amodzimodzi: madokotala ndi asayansi amene amalangiza timabungwe ta makolo. Ine ndine dokotala wa ana, ndipo kwa zaka 12 ndakhala mu komiti ya alangizi ya kabungwe kotere, mosalipidwa. Ndiyankha monga munthu wokhala pa mpando umenewo. Mawu amodzi ndiwalongosoleretu: ndikamati jini sindikunena chiwanda ayi. Ndikunena kachigawo ka DNA ka m'maselo athu, komwe kamasunga malangizo a kapangidwe ka thupi, ndipo timakatengera kwa mayi ndi kwa bambo.

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi anapezeka ndi matenda omwe madokotala ambiri sanawamvepo. Ndapezana ndi mabanja ena 9 pa Facebook ndipo tikufuna kulembetsa bungwe. Mnzathu wina akuti tipeze mapulofesa otchuka, tiike maina awo pamwamba pa makalata athu kuti opereka thandizo atikhulupirire. Kodi ndi mmene zimayendera? Mayi wa mtsikana wa zaka 6.

YANKHO: Mayi, pepani ndi matenda a mwana, ndipo mwachita bwino kusonkhanitsa anzanu. Zomwe wanena mnzanuyo mabungwe ambiri amachitadi, koma ine sindikulimbikitsani. Dzina lolembedwa pa kalata siliyankha foni. Ndinaonapo kabungwe komwe kanali ndi maina asanu ndi atatu olemekezeka, koma usiku wina mwana wa membala atagonekedwa, dokotala wa pa wodi n'kufunsa ngati mankhwala ogonetsa popanga opaleshoni ali oopsa pa matendawo, mwa anthu asanu ndi atatu aja panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kumuimbira.

Inu muyambire kwina. Khalani pansi ndi anzanuwo mufunsane kuti chaka chikubwerachi ndi ntchito ziti zomwe makolo panokha simungathe. Yoyamba imene mupeze ndi kapepala ka tsamba limodzi koti kholo lizikayenda nako: dzina la matenda, zizindikiro zoopsa, mankhwala oyenera kupewa, ndi nambala ya dokotala wowadziwa. Kapepalaka n'kofunika chifukwa matenda osapezekapezeka alipo mitundu yoposa 6,000, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 alionse gwero lake ndi majini. Ku Europe amawerengera m'gululi matenda amene amagwira munthu osaposa mmodzi mwa anthu 2,000. Dokotala wa pa wodi, ngakhale akhale wakhama chotani, sangawadziwe onsewo. Ndiye kapepalako alembe ndi mlangizi, asaine, ndipo azikaunikanso chaka ndi chaka. Chimodzimodzinso chilichonse chokhudza matendawa chomwe mungaike pa intaneti m'dzina la bungwe: chiyambe chadutsa m'manja mwake.

Ntchito yachiwiri ndi kaundula wa ana odwala, ndipo apa ndichedwepo pang'ono chifukwa makolo ambiri amaiona ngati ntchito ya makalaliki. Tsiku lomwe wasayansi kapena kampani idzapeze mankhwala oti ayesedwe, mafunso awo oyamba adzakhala akuti odwala ali kuti, ndipo matendawa amayenda bwanji akasiyidwa okha. Ana amasiya kuyenda ali ndi zaka zingati? Maso amayamba kufooka liti? Popanda mayankho amenewa palibe njira yodziwira ngati mankhwala athandiza kapena mwanayo analinso woti akhala bwino kale. Mlangizi wabwino amakuthandizani kusankha mafunso oti muzifunsa banja lililonse mofanana, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kapena chaka chilichonse, ndiponso kasungidwe kake koti zinsinsi za ana zisamwazike. Ana khumi musawaderere. Pa matenda ena, ana khumi olembedwa bwino ndi ochuluka kuposa amene dokotala mmodzi angawaone moyo wake wonse.

Mafunsowo asalembe alangizi okha. Pa msonkhano wanga woyamba ndi makolo ndinafotokoza za jini kwa ola lathunthu. Nditamaliza, mayi wina anakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chomwe mwana wake sagonera usiku. Mabuku amene ndinawerenga sanatchulepo za tulo. Nditafunsa ngati pali enanso, manja anakwera chipinda chonse. Funso la tulo linalowa mu kaundula wathu tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo makolo ndi amene amayamba kuyankhula pa misonkhano yathu, ife alangizi timabwera pambuyo.

Tsono muitane ndani? Dokotala amene wagwirapo ana a matendawa ndi manja ake, wasayansi amene amagwira ntchito pa jini imeneyo mu labotale, ndi mlangizi wa zachibadwa wodziwa kufotokozera mabanja. Namwino kapena dokotala wa mafizo musamuiwale, chifukwa moyo wa mwana wanu wa tsiku ndi tsiku uli m'manja mwa amenewo. Anthu atatu kapena anayi akukwanirani poyamba. Ndipo musathamangire akuluakulu okha. Mu 1968, Milton Wexler wa ku America, mkazi wake wakale atapezeka ndi matenda a kumtundu a ubongo otchedwa Huntington, anayambitsa bungwe lomwe linadzatchedwa Hereditary Disease Foundation. Iye sanali wasayansi wa majini. Chimene ankachita ndi kuitana asayansi ochepa, ambiri a iwo achinyamata, kuti akhale m'chipinda chimodzi n'kumatsutsana momasuka. Mwana wake Nancy Wexler anatsogolera ntchito yotenga magazi ndi kulemba mibadwo ya mabanja a m'mphepete mwa nyanja ya Maracaibo ku Venezuela, komwe matendawa ndi ochuluka. Mu 1983 asayansi anapeza dera la DNA lomwe jini ya matendawa ili, pa chigawo chotchedwa kromozomu 4, ndipo mu 1993 anaipeza jini yeniyeniyo.

Kuwapeza sikovuta monga mukuganizira. Lembani dzina la matenda pa Orphanet, nkhokwe ya pa intaneti yomwe inayamba ku France mu 1997, kapena pa PubMed, nkhokwe ya zolemba za madokotala ndi asayansi, muone maina amene akubwerezedwa pa zolemba za zaka zaposachedwa. Dzina loyamba pa cholemba nthawi zambiri limakhala la wachinyamata amene anagwiradi ntchitoyo, ndipo amenewo ndi amene amayankha makalata. Kalata yanu ikhale yaifupi: ndinu ndani, mabanja mulipo angati, mukupempha chiyani, kangati pa chaka. Muikenso malire a nthawi, zaka ziwiri kapena zitatu, kuti amene wangokhala chete muthe kusiyana naye mwaulemu popanda kukhumudwitsana.

FUNSO: Adokotala, ndine wokhumudwa. Mwana wanga ali ndi matenda a minyewa a kumtundu. Chaka chatha ankayenda, pano sakuyendanso. Ndinapeza pa intaneti chipatala cha kunja chomwe chimabaya ma stem cell, ndipo pali mavidiyo a ana amene akuti anachira. Ndinapempha bungwe lathu kuti lisonkhetse ndalama, alangizi anakana, komiti n'kuwamvera. Iwo ana awo ali bwinobwino. Ali ndi ufulu wanji wotitsekereza? Bambo wa mnyamata wa zaka 9.

YANKHO: Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Sindikuuzani kuti mtima ukhale pansi, chifukwa palibe kholo limene lingaone mwana akusiya kuyenda, mtima n'kukhala pansi. Koma ndikanakhala mu komiti imeneyo inenso ndikanakana, ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake.

Ma stem cell, maselo amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina, si bodza. Kuika mafuta a m'mafupa a munthu wina mwa wodwala kwachiritsa ana a sickle cell, a thalassaemia, ndi ana obadwa opanda chitetezo cha m'thupi. Pamenepo n'zomveka: vuto lili m'maselo a magazi, ndipo maselo atsopanowo amakapanga magazi atsopano. Koma mwana wanu jini yolakwikayo ili mu selo lililonse la minyewa yake. Maselo obayidwa mu mtsempha kapena mu msana sakaikonza. Taonaninso tsamba la chipatalacho. Mukapeza kuti jakisoni mmodzi yemweyo akuti akuchiza matenda a minyewa, shuga, autism ndi ukalamba womwe, dziwani kuti ndi chikomekome cha mkuyu. Vidiyo imajambulidwa sabata yomwe banja lili ndi chiyembekezo chachikulu. Palibe amene amabwererako ndi kamera patapita chaka.

Ena amati palibe chotaya, tingoyesa. Chotaya chilipo. Mu 2009 madokotala a ku Israel analemba za mnyamata wa matenda a kumtundu otchedwa ataxia telangiectasia, amene anapita naye ku Moscow kukabayidwa maselo otere mu ubongo ndi mu msana. Patapita zaka zinayi anapezeka ndi zotupa, ndipo atayeza chotupa chomwe anachotsa anapeza kuti chinamera kuchokera ku maselo obayidwa aja, osati ake. Palinso china chomwe makolo sauzidwa: mwana amene analandirapo mankhwala osadziwika bwino akhoza kukanidwa pa kafukufuku weniweni akadzabwera, chifukwa ofufuza sangathe kusiyanitsa zotsatira za mankhwala awo ndi za jakisoni wakale uja.

Mafunso amene alangizi anu anafunsa ndikhoza kuwalota. Zotsatira za chithandizochi zinalembedwa kuti, ndipo anaziunika ndani amene sadyerapo? Ndi komiti iti yoteteza anthu pa kafukufuku imene inavomereza? Mwana akadwalika atabwerako, amusamala ndani? Ndipo ngati ndi kafukufuku, n'chifukwa chiyani banja ndi limene likulipira? Chipatala chikakuonetsani nambala ya pa ClinicalTrials.gov musatengeke nayo. Tsamba limenelo ndi kaundula chabe, kulembedwapo sikutanthauza kuti boma lililonse lavomereza.

Pali pomwe ndikugwirizana nanu. Ngati alangiziwo anangoti ayi kudzera mwa wapampando, osakhala nanu pansi, analakwa, ndipo ntchito yawo anaisiyira panjira. Muli ndi ufulu wowapempha kuti akumane nanu, akufotokozereni m'mawu omveka, ndiponso akuuzeni chomwe chilipo m'malo mwake: kafukufuku wovomerezeka amene akulemba odwala, mafizo, zipangizo zothandiza kupuma ndi kukhala, zimene zimatalikitsadi moyo wa ana ambiri a matenda a minyewa ngakhale sizijambulidwa pa vidiyo. Dziwaninso kuti alangizi salamula. Amene anasankha ndi komiti yanu, makolo anzanu, ndipo ndalama za bungwe ndi za ana onse.

Ndalama zoterezi zikaikidwa pabwino zimachedwa kubala, koma zimabala. Mu 1999 madokotala awiri, Leslie Gordon ndi mwamuna wake Scott Berns, anayambitsa Progeria Research Foundation mwana wawo Sam atapezeka ndi matenda okalambitsa ana msanga. Anasonkhanitsa maselo ndi mbiri za ana a m'mayiko ambiri. Jini yake, LMNA, inapezeka mu 2003. Mankhwala oyamba, lonafarnib, anavomerezedwa ku America mu November 2020. Sam anali atamwalira mu January 2014 ali ndi zaka 17. Sindikukubisirani mbali imeneyo, bambo, chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene ikukusowetsani tulo. Wokutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndikukhulupirira kuti alangizi anu anakutsinani khutu chifukwa chomufunira zabwino mnyamata wanuyo.

FUNSO: Mmodzi wa alangizi athu wapempha kuti titolere magazi a ana onse a m'bungwe tiwatumize ku labotale yake. Watithandiza kwambiri ndipo tikuchita manyazi kumufunsa zambiri. Tingovomera? Mlembi wa bungwe la makolo.

YANKHO: Alembi, musavomere musanalembe mgwirizano, ndipo manyaziwo muwachotse. Wasayansi wolongosoka amayembekezera mafunso amenewa.

Nkhani ziwiri zikuthandizani. Mu December 1994, ana awiri a Sharon ndi Patrick Terry anapezeka ndi pseudoxanthoma elasticum, matenda owononga khungu, maso ndi mitsempha ya magazi. Pasanapite masiku ambiri, ofufuza a malo awiri osiyana anabwera kudzatenga magazi a anawo, gulu lililonse palokha, chifukwa sankagawana. Makolowo, amene sanali asayansi, anayambitsa PXE International mu 1995, n'kutsegula nkhokwe ya magazi ndi minofu yomwe mwini wake ndi bungwelo. Wofuna kugwiritsa ntchito ankayenera kuvomera malamulo a makolo, kuphatikizapo kugawana zomwe wapeza. Jini yake, ABCC6, inapezeka mu 2000, ndipo dzina la Sharon Terry lili pa chiphaso cha umwini wa jiniyo pamodzi ndi a asayansi.

Mabanja a ana a matenda a Canavan zinawayendera mosiyana. Kwa zaka zambiri anapereka magazi, minofu ndi ndalama kwa wofufuza mmodzi, mwachikhulupiriro, popanda cholembedwa chonena za umwini. Jini inapezeka mu 1993. Mu 1997 chipatala cha Miami Children's Hospital, komwe wofufuzayo ankagwira ntchito, chinalandira chiphaso cha umwini, n'kuyamba kulipiritsa ndi kuika malire pa kuyeza jiniyo. Mabanja anakasuma mu 2000. Khoti linataya madandaulo awo ambiri, ndipo nkhani inatha pokambirana mu 2003.

Ndiye pepala lanu linene kuti magaziwo mwini wake ndani, akaayezera chiyani, angaperekedwe kwa wina kapena ku kampani popanda kukufunsani, asungidwa mpaka liti, ndipo zotsatira zidzabwerera bwanji ku mabanja. Komiti yoteteza anthu pa kafukufuku iyambe yavomereza. Chilolezo chimaperekedwa ndi banja lililonse palokha, bungwe silingasainire mwana wa munthu, ndipo banja lokana lisaonedwe ngati loukira. Mwana wamkuluko afunsidwenso yekha.

Chinanso, mlangiziyo pa nkhani iyi wavala zipewa ziwiri, ndiye pokambirana pempho lake atuluke, aweruze anzake. Mu komiti yathu aliyense amalemba chaka chilichonse makampani amene amamulipira, masheya amene ali nawo, ndi kafukufuku amene akufunira ndalama. Kugwira ntchito ndi makampani si tchimo. Cystic Fibrosis Foundation, bungwe lolimbana ndi matenda a kumtundu owononga mapapo, linaika ndalama zake mu kampani yofufuza mankhwala, ndipo zinabala mankhwala a ivacaftor mu 2012. Choopsa ndi kubisa. Mu September 1999, Jesse Gelsinger wa zaka 18, amene matenda ake a kumtundu ankawaletsa ndi mankhwala, anamwalira patangopita masiku anayi atabayidwa pa kafukufuku wokonza majini ku University of Pennsylvania. Pambuyo pake anthu anadzudzula kwambiri kuti mkulu wa ofufuzawo ndiponso yunivesiteyo anali ndi masheya mu kampani yomwe ikanapindula.

FUNSO: Zotsatira za mwana wathu zabwera zolembedwa kuti VUS. Apongozi akuti matendawa achokera kwathu. Ndinatumiza pepalalo kwa mlangizi wa bungwe pa WhatsApp koma anangoti ndikaonane ndi dokotala wa mwana. Wandinyoza kodi? Mayi wosweka mtima.

YANKHO: Sanakunyozeni, mayi. Mlangizi wa bungwe amalangiza bungwe. Mwana amene sanamuonepo, osamuyeza, sangamugamulire za matenda pa foni, ndipo akanatero ndi pomwe akanakulakwirani. Chomwe mungamupemphe ndi chakuti ayankhulane ndi dokotala wa mwanayo, inu mutalola. Zimenezo ine ndimachita kawirikawiri, ndipo zimathandiza kuposa uthenga wa pa foni.

Malabotale amagawa kusintha kwa jini m'magulu asanu, kuyambira koyambitsadi matenda mpaka kosavulaza. VUS ndi gulu lapakati: kusintha kwaoneka, koma umboni woti ndi kumene kukudwalitsa mwana sunakwane. Si chigamulo, ndipo chithandizo cha mwana sichiyenera kusinthidwa chifukwa cha zilembo zitatuzo. Anthu a makolo a ku Africa amalandira VUS kawirikawiri kuposa azungu, chifukwa nkhokwe zomwe malabotale amayerekezera nazo zadzaza ndi majini a anthu a makolo a ku Europe. Kuyeza inu ndi bambo ake kumathandiza kumasulira, ndipo patapita chaka kapena ziwiri mukhoza kupempha labotale kuti iunikenso.

Za apongozizo, pepalalo silikuloza banja lililonse. Pa matenda ambiri a kumtundu mwana amadwala pokhapokha atalandira jini yosinthika kwa mayi ndi kwa bambo omwe, onse awiri ali athanzi osadziwa kanthu, ndipo zikakhala choncho pa mimba iliyonse mpata woti mwana adwale ndi umodzi mwa inayi. Ena amayambira pa mwanayo, makolo onse alibe. Alipo amene amadzera mwa mayi yekha, enanso mwa bambo yekha, koma palibe munthu anasankhapo jini yopatsira mwana wake. Popita kwa dokotala mutenge masamba onse a zotsatira, osati loyamba lokha, ndipo bambo a mwana mupite nawo kuti akamve ndi makutu awo.